Chimbale cha Byron Janis cha 1961 chafika ku Chelstone, mu Lusaka: kukoma kwake kukuchokera kuti?

Mbewe (Chelstone):
Moni nonse apagulu. Ndabwera ndi nkhani ya chimbale chimodzi chokha, ndipo ndikupempha kuti tiikambe mofatsa. Chimbalecho ndi Piano Concerto No. 3 ya Sergei Rachmaninoff, nyimbo ya piyano ndi gulu lalikulu la zida zoimbira. Pa piyano pali Byron Janis, gulu ndi London Symphony Orchestra, wotsogolera ndi Antal Dorati. Anajambula ndi a kampani ya Mercury mu June 1961 mu holo ya Watford Town Hall, kunja pang'ono kwa London, ndipo chinatuluka pakati pa zimbale zawo zotchedwa Living Presence, nambala SR 90283. Chimene ndili nacho ine si chakale chenichenicho. Ndi chodindidwanso ndi a kampani ya Speakers Corner ya ku Germany, cholemera magalamu 180. Mphwanga ndiye wabwera nacho kuchokera ku Ulaya m'chikwama cha m'manja.

Nyimboyi ndinaidziwa kalekale, pa CD ndi pa foni pomwe. Koma apa singano itangotera, choyamba kundifika m'khutu chinali chipinda. Noti isanalire ngakhale imodzi, umadziwa kuti walowa m'nyumba yaikulu. Kenako mavayolini amayamba kunong'ona chakumanzere, piyano n'kulowa pakati penipeni, osati pakamwa pa sipika koma chakumbuyo pang'ono, moti ungathe kuloza ndi chala kuti munthu uja wakhala apo. Janis akamenya makiyi akumunsi, mawu sathera pomwepo, umawamva akukagunda khoma n'kubwerera. Mayi a kunyumba, amene sakonda nyimbo zoterezi, anasiya kusita n'kudzakhala pansi mpaka mbali yoyamba kutha.

Funso langa kwa inu odziwa ndi ili: chimene ndikumvachi chikuchokera kuti? Ndi pulasitiki wolemerayu, kapena ndi mmene anajambulira anthu a 1961?

Sakala (Kamwala):
A Mbewe, tisanapite patali, tiuzeni ndalama. Pagulu pano alipo achinyamata amene akuyamba kumene, asamaganize kuti zinthuzi zimangotoledwa.

Mbewe (Chelstone):
Sindibisa a Sakala. Ku Ulaya zimbale zamtunduwu zimadutsa mayuro 30 chimodzi. Mukati muitanitse, muwonjezepo ya ndege ndi msonkho, ndiye pofika m'manja mwanu mtengo wakwera kwambiri. N'chifukwa chake ndinadikira munthu wobwera.

Chisomo (Kalingalinga):
Bambo Mbewe, ndikufunsa mwaulemu, musanditenge ngati wamwano. Ndangofufuza pa foni, nyimbo yomweyi ya Janis ndi Dorati ilipo, ndipo ndikuimvera pano ndi mahedifoni. Palibe kuthetheka, palibe kudzuka kukatembenuza. Ngati woimba ndi yemweyo, holo ndi yomweyo, tsiku ndi lomwelo, chimene mukulipira ndalama zonsezo n'chiyani kwenikweni? Ine ndikufuna kumvetsa chifukwa inenso mtima ukundikoka kuti ndiyambe kusunga zimbale, koma ndalama ya mwana wasukulu mukuidziwa.

Tembo (Matero):
Chisomo wafunsa funso labwino, ndipo yankho lake likhudzanso funso la a Mbewe. Ine ntchito yanga ndi yokonza ma ampu ndi mawailesi, ndiye ndiyankha monga munthu wa mawaya.

Kukoma kwakukulu kwa chimbale chimenechi kunachitika mu 1961, pulasitiki asanalowepo. A Mercury nthawi imeneyo ntchito inali m'manja mwa banja limodzi. Mwamuna, C. Robert Fine, ndiye anali wa makina. Mkazi wake, Wilma Cozart Fine, ndiye ankayang'anira zojambula zonse za nyimbo zamtunduwu. Njira yawo inali yoti gulu lonse, anthu ochuluka chonchija pamodzi ndi piyano, alijambule ndi maikolofoni atatu basi: wina kumanzere, wina pakati, wina kumanja, atapachikidwa m'mwamba kutsogolo kwa oimba. Nthawi yambiri inkathera pa kusuntha maikolofoni aja, pang'ono uku, pang'ono uko, mpaka atapeza malo. Akatero ankapempha gulu kuti liimbe pamene pali phokoso lalikulu koposa, n'kutchera makina pa mlingo umenewo, basi osakhudzanso. Kukweza ndi kutsitsa mawu ankasiyira wotsogolera ndi oimba ake.

Yerekezani ndi mmene ambiri amajambulira lero. Chida chilichonse chili ndi maikolofoni ake pafupi, kenako munthu amakhala pa kompyuta n'kumasakaniza, apa akweze chitoliro, apa atsitse malipenga, pomaliza athire kamvekedwe ka holo kochita kupanga. Sindikunyoza, zina zimatuluka bwino. Koma chipinda chimene a Mbewe akumvacho n'chenicheni, ndi makoma a ku Watford. Maikolofoni akakhala ochepa ndi patali, mawu a chida chilichonse amafika pa nthawi yake, choncho khutu limadziwa kuti ichi chili kutsogolo, icho chili kumbuyo.

Tsono Chisomo, zimenezi zili m'foni mwakonso. Ndipo ndikuuze zoona: m'ma 1990 Wilma Cozart Fine yemweyo anabwerera kudzakonza zojambula za Mercury kuti zituluke pa CD, ndi khutu lake lomwe lija. Ma CD amenewo ndi abwino kwambiri. Wina asakunamize kuti popanda chimbale sunamve Janis.

Chisomo (Kalingalinga):
Zikomo bambo Tembo. Nanga pachithunzi cha chikuto ndikuona palembedwa 35 MM. Zikukhudzana bwanji ndi nyimbo? Ine ndimadziwa kuti zimenezo n'za kanema.

Tembo (Matero):
N'za kanema ndithu. M'malo mwa tepi wamba, anagwiritsa ntchito filimu ya mamilimita 35, ya timabowo m'mbali ija, koma yopakidwa mankhwala a maginito ngati tepi. Anayamba nazo ndi a kampani ya Everest, ndipo a Fine anagula makina awo chakumayambiriro kwa 1961. Ubwino wake unali patatu. Filimu ndi yotakata, ndiye njira zitatu za mawu zija iliyonse inali ndi malo aakulu, kusokosa kwa tepi n'kuchepa. Inkathamanga mainchesi 18 pa sekondi pamene tepi inkayenda 15. Komanso ndi yokhuthala, choncho ikakulungidwa mawu a pamzere wina salowerera pamzere woyandikana nawo. Amene munasungapo makaseti mukukumbukira kamzukwa kaja, kumva mawu pang'ono nyimbo isanayambe. Pa piyano, pamene munthu amamenya mwamphamvu kuchokera pa chete, kameneko kamasokoneza kwambiri.

Vuto lake filimu inali yodula, ndipo ikakalamba imayamba kununkha ngati viniga n'kumaonongeka. Patangopita zaka zochepa anaisiya.

Nabanda (Kabwata):
Abambo inu mwalankhula za makina, ndiloleni ndilankhule za manja, chifukwa maikolofoni atatu aja akanakhala pamaso pa woimba wamba sitikanakhala tikukamba lero.

Ine ndimaphunzitsa ana piyano ndipo ndimaimba limba kutchalitchi. Nyimbo imeneyi sindingaiimbe yonse, ndi ochepa padziko amene amaikwanitsa bwino, koma buku lake ndili nalo ndipo ndimatsatira ndi chala. Rachmaninoff anailemba mu 1909 kumudzi wa Ivanovka ku Russia, pokonzekera ulendo wake woyamba wa ku America. Nthawi inamuthera, moti anaiphunzira m'sitima yapamadzi pa makiyi osatulutsa mawu. Anaiimba koyamba ku New York pa 28 November 1909, wotsogolera ali Walter Damrosch, ndipo mu January 1910 anaibwereza ndi Gustav Mahler. Anaipereka kwa mnzake Josef Hofmann, katswiri wamkulu wa nthawiyo, koma Hofmann sanaiimbepo pagulu. Amene anaitchukitsa ndi Vladimir Horowitz, amene anaijambula mu 1930.

Apa ndi pamene Janis akulowera. Ali ndi zaka 16, mu 1944, Horowitz anamutenga kukhala wophunzira wake. Ndiye nyimboyi anaiyamwira pafupi ndi mwini luso. Anali ataijambulapo kale mu 1957 ndi wotsogolera Charles Munch ku Boston, koma ya 1961, ali ndi zaka 33, ndi imene ine ndimaikonda.

A Mbewe, mukaikanso mbali yoyamba, mvetserani poyambira paja. Nyimbo yovuta chonchi imayamba ndi kanyimbo kosavuta, manja onse awiri akuimba chimodzimodzi, lina pamwamba lina pansi, koti mwana wanga wa chaka chachiwiri angakaimbe. Ena amati kakufanana ndi nyimbo za m'tchalitchi cha Orthodox, ngakhale mwini wake ankakana kuti sanakatenge kulikonse. Oimba ambiri pamenepa amachita kukokakoka kuti tiwaone kuti akhudzidwa. Janis ayi. Amangokayendetsa, osakongoletsa, osachedwa. Ndiye moto ukayamba kutsogoloko, umadziwa kumene wachokera. Ndipo ngakhale pamene manotsi akugwa ambirimbiri, iliyonse imamveka payokha, sabisala kumbuyo kwa pedulo. Ana anga ndimawauza tsiku lililonse kuti phazi lisamabise zimene zala zalephera.

Chimene chimandilasa mtima ndi ichi. Mu 1973 matenda a nyamakazi anamugwira m'manja monse muwiri. Anabisa zaka 12, akuimbabe ndi ululu, kusintha zala zogwiritsa ntchito kuti anthu asazindikire, mpaka anaulula mu 1985. Anamwalira mu March 2024 ali ndi zaka 95. Choncho chimene mwagulacho ndi manja aja asanadwale. Masiku aja a ku Watford sadzabweranso, koma anthu ena anasamala mokwanira kuti tiwamve bwinobwino.

Mwale (Woodlands):
Amayi Nabanda, mwandipatsa chifukwa chokamveranso. Ine ndinazolowera ya woimba piyano wina, Van Cliburn, ndipo chapakati pa gawo loyamba, pamene piyano imatsala yokha, ya Janis imamveka yosiyana kotheratu. Kodi wina anadumpha masamba?

Nabanda (Kabwata):
Khutu lanu lili bwino a Mwale. Pamalo pamenepo, pa cadenza, Rachmaninoff analemba njira ziwiri ndipo woimba amasankha. Ina ndi yolemera, manja onse odzaza makiyi kuyambira pachiyambi. Imeneyo ndi imene Cliburn anaimba mu 1958, chaka chimene anapambana mpikisano wa Tchaikovsky ku Moscow, ndipo kuchokera pamenepo achinyamata ambiri anaikonda. Inayo ndi yopepuka, yothamanga, imayamba ngati kusewera n'kumakula pang'onopang'ono. Janis amaimba yopepukayo, monganso Horowitz, monganso Rachmaninoff mwini wake pamene anajambula ndi wotsogolera Eugene Ormandy ku Philadelphia.

Ine ndili kumbali ya yopepuka. Yolemera ija imafika pachimake msanga, ndiye mathero a nyimbo yonse akamabwera mphamvu zina zathera m'njira. Koma ndikudziwa aphunzitsi anzanga amene sangandivomereze.

Mwale (Woodlands):
Inenso sindikuvomerezani amayi, yolemera ija imandiimitsa tsitsi. Koma tsopano ndadziwa chimene ndikumva.

Sakala (Kamwala):
Zonsezi n'zokoma, koma mwaona kuti mwayankha funso la a Mbewe mosazindikira? A Tembo akuti ndi maikolofoni, amayi Nabanda akuti ndi manja. Palibe amene wati ndi pulasitiki. Ine ndine wamalonda, ndimadziwa mmene mawu okoma pachikuto amakwezera mtengo. Magalamu 180 amenewa, mizere yake si yakuya kuposa ya chimbale chopepuka. Kuya kwa mzere kumachokera posema, osati pa kulemera.

Ndipo tisaiwale za 2022. Kampani ya Mobile Fidelity ya ku America, imene anthu ankailumbirira kuti zimbale zake zimachokera pa tepi mwachindunji, inavomera kuti kwa zaka zambiri inkayamba yasamutsira nyimbo mu kompyuta kenako n'kusema. Nkhani inafika kukhoti, anagwirizana zolipira madola pafupifupi 25 miliyoni. Chondidabwitsa ine si kubisako. Ndi choti akatswiri a makutu akuthwa, a makina a ndalama zambiri, zaka zonsezo ankayamikira zimbalezo osamva kuti mwadutsa kompyuta. Ndiye tikamati tikumva kusiyana, tizidzifunsa kawiri.

Tembo (Matero):
Pa za kulemera a Sakala mwalasa. Chimbale cholemera chimangokhala bwino pa mbale ya makina ndipo chimagwirika bwino m'manja, basi. Chofunika ndi zinthu zitatu: anatenga kuti mawu, anasema ndani, anadinda kuti. A Speakers Corner amanena okha kuti sadutsitsa mu kompyuta, ndipo amadinditsa ku fakitale ya Pallas ku Germany komweko, imene imadziwika ndi pulasitiki wosasokosa. Pa nyimbo ngati iyi, yokhala ndi malo ambiri ofatsa, pulasitiki wachete ndi chinthu chachikulu.

Koma chenjezo lenileni kwa achinyamata ndi lina. Ku Ulaya, zojambula zimene zinatuluka chisanafike chaka cha 1963 zinatha umwini wake, chifukwa lamulo lakale linkateteza zaka 50 zokha. Ndiye aliyense akhoza kutenga CD, kukopera, kudinda pa magalamu 180, kuika chithunzi chokongola n'kugulitsa motchipa. Sakuphwanya lamulo, koma tepi yeniyeni sanaionepo. Mukagula chimenecho mwagula CD yoipitsidwa. Tembenuzani chikuto muwerenge tizilembo tating'ono. Ngati sanatchule kuti chilolezo anatenga kwa eni tepi, ngati chizindikiro cha Mercury kapena RCA kapena Decca palibe, chibwezeni pa shelefu.

Zulu (Libala):
Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Nyimbo za Rachmaninoff sindizidziwa kwenikweni, koma nkhani ya matepi ikundikhudza, ndiye mundilole nkhalamba ndiyikepo mawu.

Ine unyamata wanga ndinathera ku Migodi. M'ma 1970 zimbale sitinkaitanitsa kunja kokha ayi, zinkadindidwa konkuno, ku Ndola, ku fakitale ya Teal. Kunalinso Zambia Music Parlour ya a Edward Khuzwayo imene inkatulutsa anyamata athu. A Kaunda atalamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse pa wailesi zikhale za m'dziko muno, magulu anaphuka paliponse: WITCH, Amanaz, Ngozi Family, Musi-O-Tunya. Mwezi ukatha, munthu unkalandira malipiro n'kuyamba wadzera kusitolo ya zimbale usanafike kunyumba. Loweruka gumbagumba panja, waya kudutsa pawindo.

Mtengo wa kopa utagwa, ndalama zinasowa, makaseti okopera anadzaza m'misika, fakitale inatsekedwa. Oimba ambiri anatisiya m'zaka za matenda zija. Nanga matepi? Ambiri anasowa. Pamene a kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles anayamba kutulutsanso nyimbo zimenezi, dziko lonse linazikonda, ndipo lero a Jagari Chanda a gulu la WITCH akuimba m'mayiko akutali ali ndi imvi. Ndimanyadira. Koma pa nyimbo zambiri za nthawi imeneyo chotsala ndi chimbale chakale chimene chinavinidwa m'mashabini, ndipo wofuna kuchitulutsanso ayambire pamenepo, ndi zipsera zake zomwe.

Ndiye a Mbewe akamati akumva khoma la holo ya ku England la 1961, ine ndikumva chinthu china. Ndikumva kuti kunali munthu amene ntchito yake inali kulemba pa bokosi, kuliika pa shelefu m'chipinda chozizira, wina n'kudzalandira udindowo iye atapuma, zaka zoposa 60. A Sakala ndi Chisomo mukufunsa kuti ndalama ikulipira chiyani. Mbali ina ikulipira anthu amenewo. Ife tinali ndi oimba, tinali ndi fakitale, koma wosunga bokosi tinalibe.

Zimbale zanga za Teal zilipo zochepa, ndimazisunga choimirira m'kabati ya kuchipinda, kutali ndi windo. Adzukulu ndinawauza kuti tsiku limene ndidzapite asadzazitaye pamodzi ndi manyuzipepala.

Chisomo (Kalingalinga):
Agogo Zulu, mwandikhudza. Kwathu ku Katete agogo anga aakazi anali ndi katoni ya zimbale, ana tinkaziponya m'mwamba posewera. Palibe anatiuza kuti n'zofunika. Kodi nyimbo za kwathu kum'mawa, za m'midzi, zilipo zimene zinasungidwa bwino chonchi?

Zulu (Libala):
Zilipo mdzukulu wanga. Hugh Tracey anayenda ndi galimoto ya makina m'ma 1950, kuno ndi ku Nyasaland komwe, akujambula m'midzi ndi m'makomboni a migodi. Iyeyo maikolofoni anali amodzi, ogwira pamanja, amayenda nawo kuchoka pa ng'oma kupita kwa wotsogolera nyimbo. Anakhazikitsa International Library of African Music mu 1954, ndipo lero zonse zili ku Rhodes University ku South Africa. Michael Baird, woimba ng'oma amene anabadwira mu Lusaka muno, anakatenga zina n'kuzitulutsanso pa kampani yake ya SWP ku Netherlands. Muli nyimbo za Achewa mmenemo. Kazifufuze umve mawu a anthu a msinkhu wa agogo a amayi ako, omveka ngati ali pakhonde.

Nabanda (Kabwata):
Bambo Zulu, zimenezi ndikaziika pa phunziro la ana anga. Amadziwa Bach koma sanamvepo kalimba wa kwawo atajambulidwa bwino.

Mbewe (Chelstone):
Ndathokoza nonse, funso langa layankhidwa kuposa mmene ndimayembekezera. Tsono a Tembo, pali zinthu ziwiri zimene zikundivuta. Choyamba, kumapeto kwenikweni kwa mbali yachiwiri, pamene gulu lonse ndi piyano akwera pamodzi, mawu akusasa pang'ono, makamaka mavayolini. Chachiwiri, magetsi akapita ndikayatsa inveta, manotsi aatali a piyano akumveka ngati akugwedera. Pa zimbale za rumba sindinazimvepo zimenezi. Kodi chimbale chili ndi vuto?

Tembo (Matero):
Ndikukayika kuti ndi chimbale. Tiyambe ndi choyamba. Chimbale chimazungulira liwiro limodzi, maulendo 33 ndi kachigawo pa mphindi, koma mzere wakunja ndi wautali kuposa wam'kati. Kunja singano imayenda masentimita pafupifupi 50 pa sekondi, pofika pafupi ndi pepala lapakati yatsika kufika cha m'ma 20. Ndiye kuti mawu omwewo apanikizidwa pa malo osakwana theka, timakhotakhota ta mzere tathinana. Tsoka lake, olemba nyimbo zoterezi phokoso lalikulu amaliika kumapeto, pamene singano ili pamalo ovuta koposa. Singano yotha kapena yokhala mopendama imalephera kutsata, ndiye kusasa mukumvako. Musapitirize kuimba choncho, chifukwa singano ikamadumphadumpha m'mzere imausema, ndipo chilemacho sichichoka.

Chitani izi. Yezani kulemera kwa singano ndi kasikelo, mutsate zimene analemba opanga katiriji yanu, kabokosi kogwira singano kumapeto kwa mkono, zambiri zimafuna magalamu awiri kapena kuchepera pang'ono. Ambiri amapeputsa poganiza kuti akuteteza chimbale, pamene kupepuka kwambiri ndiko kumaononga. Kenako sindikizani kapepala koyezera kaimidwe ka singano muone ngati katiriji yaima molunjika. Ngati singano yakhalitsa, sinthani, ndipo ngati thumba lilola mugule yosongoka mopyapyala, imalowa bwino m'mizere yam'kati.

Chachiwiricho, piyano ndiye mboni yosanama pa liwiro. Woimba ndi pakamwa kapena wa gitala amagwedeza mawu mwadala, ndiye makina akagwedera pang'ono simuzindikira. Koma noti ya piyano ikamenyedwa imangoyenda mowongoka mpaka kuzima, choncho kugwedera kulikonse n'kwa makina anu. Makina ambiri a lamba ali ndi mota imene imatsata magetsi a 50 Hz. Inveta yotchipa imatulutsa magetsi a makonamakona, mota imanjenjemera n'kutentha. Pa jenereta ndiye zimanyanya, chifukwa liwiro limasintha firiji ikangoyaka. Chaka cha 2024, madzi atachepa ku Kariba magetsi n'kumapita maola 20 ndi kuposa, ndinalandira makina ambiri a vuto limeneli. Mufunika inveta ya pure sine wave, yotulutsa magetsi osalala, ngakhale yaing'ono ya makina okhawo, chifukwa sadya magetsi ambiri. Muonenso lamba, kutentha kwa October kumamutamula. Ndipo chimbale chikamazungulira yang'anani mkono: ngati ukupita uku ndi uku pa kuzungulira kulikonse, bowo silili pakati, pamenepo ndiye tinganene kuti vuto ndi la chimbale.

Mbewe (Chelstone):
Mkono ukuyenda bwinobwino, sukugwedera. Inveta yanga ndi ya makonamakona yomweyo. Singano ndiye yakhalitsa ndithu. Chimbale ndachibwezera m'chikuto mpaka nditasintha.

Nyirenda (Chilenje):
Pepani kulowerera, ndine watsopano. Bambo anga anandisiyira gumbagumba ya kabati, ikugwirabe ntchito. Timaika kandalama pamutu pa mkono kuti isadumphe. Kodi chimbale ngati cha a Mbewe ndingaimbirepo?

Tembo (Matero):
Takulandirani achimwene. Chonde musatero. Makina amenewo amakanikiza kale magalamu asanu kapena kuposa, kandalamako n'kuwonjezera. Chimbale chatsopano chidzayamba kusasa musanachikhutire. Gumbagumba ya bambo isungeni, ndi chuma, muziimbirapo zimbale zimene zinazolowera kale. Ngati ikudumpha, vuto ndi singano kapena mafuta ouma pa mkono, zimenezo zimakonzeka.

Zulu (Libala):
Ndiwonjezepo za fumbi, poti Lusaka kuyambira August mpaka mvula kugwa mukumudziwa. Nyengo youma chimbale chimakoka fumbi chokha ukangochitulutsa. Musapukute ndi malaya kapena thawulo. Kabulashi kofewa musanaimbe, ndipo chikada tsukani ndi madzi a batire aja ogula pa filing'i siteshoni, osati a pampopi kapena a pachitsime, chifukwa madzi a kuno ali ndi laimu wambiri, akauma amasiya zoyera m'mizere. Pepala lapakati lisanyowe. Ndipo musachisiye m'galimoto masana ngakhale mukuti mukungolowa m'sitolo.

Sakala (Kamwala):
Mwaona tsono Chisomo? Chimbale, singano, kasikelo, inveta ina. Ine maganizo anga sanasinthe. Wachinyamata ayambe ndi mahedifoni abwino, amvere Janis yemweyo pa CD kapena pa foni, adziwe nyimbo kaye. Zimbale zodula zibwere pambuyo, ndipo zikhale zochepa zimene wazikondadi. Koma mawu a bambo Zulu a wosunga bokosi ndawasunga. Ngati pali woti ayambe kusonkhanitsa zimbale za Teal zotsala m'makomboni muno n'kuzijambula bwino zisanatheretu, ine ndiponyapo ndalama msanga kuposa pa Rachmaninoff.

Nabanda (Kabwata):
A Sakala, pa zoyamba ndi mahedifoni tagwirizana. Pamene ndikusiyana nanu ndi apa: ana amene ndimaphunzitsa sanakhalepo chete mphindi 15 kumvera chinthu chimodzi. Pa foni amadumpha nyimbo isanafike pakati. Chimbale chimakukhazika pansi, mbali ikayamba umaimaliza. Nyimbo ngati iyi, imene kanyimbo koyamba kaja kamabwereranso kutsogolo katasintha nkhope, siingamveke modumphadumpha. Komanso akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Takamba zambiri, koma amene amva chimbalechi ndi a Mbewe okha. A Mbewe, mukasintha singano, simungatiitane? Ine ndibwera ndi buku la manotsi ndi ana anga awiri akuluakulu. A Mwale abwere ndi Cliburn wawo tiyerekeze ma cadenza aja.

Chisomo (Kalingalinga):
Ngati n'kololedwa inenso ndibwera, ndi foni yanga yomwe. Tilumikize ku ampu yomweyo, wina azisintha ife titatembenukira kukhoma, tione ngati tingasiyanitse.

Tembo (Matero):
Zimenezo ndiye zofunika, koma tiyeze kaye kuti zonse ziwiri zikumveka pa mlingo umodzi, chifukwa chokwera pang'ono nthawi zonse chimamveka ngati chabwino. Mita ndibwera nayo, pamodzi ndi kasikelo. A Mbewe, singano mukagula musaike nokha, tidzaikire limodzi.

Mbewe (Chelstone):
Zatheka. Loweruka la sabata yamawa, 14 koloko, malo ndikutumizirani aliyense payekha. Ndiona kaye ndandanda ya magetsi ya dera lathu, ikasintha ndikudziwitsani pofika Lachinayi. Bambo Zulu, ndidzakutengani ndine ku Libala, ndipo ngati mungalole mudzanyamuleko chimodzi cha Teal. A Nyirenda, inunso bwerani, mudzaone mmene a Tembo amayezera mkono.